Tsiku Limene Asiatu Anadula Mabango

Asiatu analumbira kuti Zena, mtsikana wa m'kalasi mwake, adzalira, ndipo analumbirira pamaso pa atsikana onse a Sitandade 7, moti zobwerera m'mbuyo panalibenso.

Nkhani yake inayamba chonchi. Mayi a Asiatu ankakola tiana ta chambo, tija ku Lungwena amati kasawala, ndi neti ya udzudzu. Mudzi wonse unkadziwa koma unkangoyang'ana kumbali. Zena yekha ndiye anakanena kwa akomiti ya padoko. Netiyo inawotchedwa masanasana anthu akuonerera, mayi aja atazyolika. M'mawa mwake kusukulu atsikana ankagwira mphuno Asiatu akamadutsa, ati kukununkha neti yopserera. Mukuwadziwa atsikana akapeza choseka, sabata imatha.

Tsono Zenayo anali ndi chake chonyadira. Kumunsi kwa nyumba yawo kunali kagombe ka mabango, ndipo a Simioni, aphunzitsi a sayansi, anamusankha kuti akaimire sukulu pa mpikisano. Ankafufuza kumene kasawala amalowera akatuluka m'kamwa mwa make, mmene chambo chimalerera ana ake. M'mawa uliwonse ankakhala m'mabangomo ndi kope lake, kujambula njira za tinsombato ndi nthawi imene timayamba kulowera kwakuya. Oweruza mpikisano ankayenera kubwera Loweruka kudzaona okha.

Asiatu anasankha Lachisanu masana, abambo onse ali kumzikiti, amayi ali kuseri kwa mipanda, padoko pali zii. Anatenga chikwakwa cha bambo ake, a Wadi, namanga chitenje m'chiuno, n'kulowa m'madzi. Bango lililonse ankalidula ndi mlandu wake. Ili la neti ya amayi. Ili la mphuno zija. Ili la kayendedwe ka Zena konyang'wa ngati nyanja ndi ya agogo ake. Atamaliza anakokera zonse kumtunda, nabwereranso m'madzi olekeza m'mawondo kuti aone bwino mmene pagombepo payerera. Mtima unali mbee.

Apo m'pamene anamva kunyerenyetsa m'miyendo. Atayang'ana pansi anaona tinsomba tosawerengeka, tochepa ngati njere za mpunga, titaunjikana m'chithunzithunzi chake. Anasuntha pang'ono, ito tinamutsatira. Anatikankha ndi phazi, tinabalalika, koma kagulu kamene kanathawira poyera sikanapite patali. Kunang'anima ncheni ziwiri, nsomba zija zodya zinzake, kuchokera kwakuya, kaguluko n'kutha pomwepo. Totsalato tinabwerera ku miyendo yake tili piringupiringu.

Kumzikiti anthu anali atayamba kutuluka. Palibe amene anali atamuona. Akanangotola chikwakwa n'kudzera kuseri kwa chigayo, nkhani ikanathera pa mphekesera. Anaponda kamodzi kulowera kumtunda, ncheni zija n'kuyandikira. Anabwerera. Anayesanso, chimodzimodzi. Anatukwana tinsombato chapansipansi, koma anaima.

Zena anatulukira ndi kope lake m'manja. Anayang'ana mulu wa mabango, anayang'ana chikwakwa. Misozi imene Asiatu ankaifuna ija inatsikadi, koma sinamukomere ngakhale pang'ono.

"Wakhuta tsopano?" anafunsa Zena.

"Usandiyang'ane ine, iwe. Yang'ana pansipa. Tikundikakamira chifukwa chiyani?"

Zena anapukuta m'maso n'kusuzumira. Anati tinsombato sitiona patali, timangothamangira pamene pali mthunzi, chifukwa kwa ito mthunzi ndiwo kwawo. Pagombe ponsepo mthunzi umene unatsala unali wa Asiatu basi.

"Ndiye ndiima pano mpaka liti?"

"Mpaka mabango amerenso."

"Zena, usachite nthabwala. Miyendo yachita dzanzi."

"Ndani wakuuza kuti ndikuseka?"

Anakhala kaye pamchenga Zena, dala, kumusiya mnzakeyo akupsa ndi dzuwa. Kenako anaika kope pansi, nanyamula mtolo wa mabango odulidwa aja n'kuyamba kuwazika m'matope limodzilimodzi. Ena ankagwa, ena ankayandama. Asiatu anatambasula dzanja osasuntha mapazi, Zena n'kumupatsira bango atayang'ana kwina.

Ali choncho abambo ochokera kumzikiti anafika padoko, mikanjo ili mbee. A Wadi anaima pafupi ndi chikwakwa chija, nachitembenuza ndi phazi, n'kuzindikira chogwirira chimene anasema okha. Anafunsa amene wachita zimenezi.

"Ndine, ababa," anatero Asiatu.

A Wadi anamuuza ndi mawu otsika kuti atuluke m'madzimo, akakambirane kunyumba. Asiatu anayang'ana mabango asanu ndi awiri amene anali ataima mopendama, nayang'ana tinsomba tambirimbiri timene tinali tisanachoke pa akakolo ake.

"Ndibwera, ababa, ndipo chilango ndilandira. Koma panopa sindingachoke. Zena, patse lina."