Kadontho ndi Tsamba Lopanda Dzina

Imelda amakhala ku Chelstone. Anali ndi anapiye anayi. Wamng'ono kwambiri anali Kadontho. Kadontho ankakonda kugona m'manja mwa Imelda.

Tsiku lina aphunzitsi, Ba Mwelwa, anapereka ntchito. "Fufuzani pa intaneti," anatero. "Lembani za kusamala ziweto."

Imelda anathamangira kunyumba. Koma anapeza anapiye ali ndwii. Sankadya. Sankalira. Timapiko tinali titagwa.

Amayi anali kumsika. Mkulu wa Imelda, Monalisa, ankachapa kuseri. Imelda anatenga foni ya Monalisa. Anatsegula tsamba loyamba la pa intaneti.

Tsambalo linali lokongola, eee! Linali ndi mawu akuluakulu ofiira. "Thirani sopo waufa m'madzi akumwa. Nkhuku zichira lero lomwe!"

Imelda sanafunse munthu. Anathira sopo m'madzi. Anayamba kumwetsa Kadontho, poti ndiye ankamukonda kwambiri.

Kadontho anamwa. Kadontho ananjenjemera. Kadontho anagwa, ndipo sanadzukenso.

"Mayo ine!" Imelda analira. Analira mpaka mawu kusasa.

Monalisa anabwera manja ali thovu lokhalokha. "Ni chani, iwe?"

"Ba Mona, foni yanu yaninamiza!"

Monalisa anamukumbatira. "Foni siinama, mwana. Wanama ni munthu wamene analemba. Bwela, timusakile."

Anafunafuna dzina la wolemba. Panalibe dzina. Anafunafuna tsiku limene analemba. Panalibe tsiku. Panali zithunzi za nsapato zogulitsa basi.

Anapiye atatu aja anali chigonere. Imelda anachita mantha kwambiri. Kodi nawonso afa?

Anatsegula tsamba lina. "Walemba ndani?" anafunsa Monalisa.

"Dokotala wa ziweto. Dzina lake ili apa," anayankha Imelda.

"Analemba liti?"

"Chaka chino."

"Nanga ena akuti chani?"

Anatsegula tsamba linanso. Nalonso linali ndi dzina. Nalonso linanena zomwezo. Apatseni madzi oyera. Aikeni pofunda. Pitani nawo kwa dokotala.

Anaika anapiye m'katoni. Anakwera minibasi. Dokotala anawayeza, nawapatsa mankhwala.

Madzulo, Amayi anakumba kadzenje patsinde pa mgwafa. Imelda anaikamo Kadontho. Palibe amene anamukalipira, koma mtima unkamupweteka.

Patapita masiku, kunamveka phokoso m'katoni. Piyo! Piyo! Piyo! Anapiye atatu ankalimbirana gaga.

Imelda analemba ntchito yake. Anajambula anapiye atatu. Pakona anajambula kena kakang'ono, kotseka maso.

"Nanga aka?" anafunsa Amayi.

"Ni Kadontho, Amayi. Mawa nizauza kalasi yonse. Tsamba likakhala lilibe dzina, musamwetse chamene mukonda."

Amayi anamunyamula pamiyendo. Monalisa anabweretsa katoni pafupi. Kamwanapiye kamodzi kanakwera m'manja mwa Imelda, n'kugona.