Khadi la Mayi Marjorie

Lachiwiri, 6 March 2007, khadi la Mayi Marjorie lokwerera basi ulere, lopatsidwa kwa okhawo okwana zaka 60, linapezeka kuti mulibe mu dirowa. Mwana wawo Etta anakadandaula kupolisi. Mayiwo, a zaka 61, anali gone ndi sitiroko m'nyumba yosamalira okalamba ku Lewisham, ku UK. Chikhalirecho khadi lawo linkayenda tsiku lililonse kuchokera ku Barking.

Wapolisi Killian anaunika kamera ya m'basi. Anaona gogo wa imvi zotulukira mu duku, akukwera mogwira bondo. Koma pa antchito a panyumbapo panalibe wopitirira zaka 55. Nanga gogoyu ndani?

Lachisanu, 6:40 m'mawa, Killian anamutsatira atatsika basi. Gogo uja anaima kuseli kwa mpanda, duku m'chikwama, wigi kumutu, msana nkuwongoka. Pageti la nyumba ya okalamba ija panalowa Effie Chagunda, Mmalawi wosambitsa odwala, amene pasipoti yake imati anabadwa 1956.

Kupolisi sanavute. Anati khadi anatengadi, poti mwini wake sayenda, pomwe iye maondo anatha. Killian, kufunsa sikumuthera bambo ameneyu, anafuna kudziwa za imvizo. Effie anaseka mowawa. Anati njala ya 1949 ku Lunzu anaiona ndi maso ake, ali ndi zaka zisanu. Zaka khumi ndi ziwiri anazidula pokonza pasipoti, atamva kuti ku UK nkhalamba sailemba ntchito.

"Ndiye muli ndi zaka 63," anatero Killian. "Ndinu wamkulu kuposa amene mwawaberawo. Khadi lanulanu likukuyenerani."

"Ndikanena zimenezo, pasipoti yanga ikhala chiyani?"

"Yabodza."

"Kenako?"

Onse awiri ankadziwa kuti kenako ndi ndege yomubwezera kwawo, ndipo adzukulu anayi ku Ndirande amadya thukuta la Effie yemweyu.

"Lembani 1956, bwana. Ndinaba basi."

Killian anatenga cholembera, nkulemba 1956.

Kukhoti woweruza anamudzudzula kuti ndi zamanyazi, mayi wa zaka 51, wamphamvu zake, kubera munthu wokalamba. Ntchito inathera pompo. Anamugamula maola 120 osesa m'paki. Effie anangoti zikomo, nkutuluka ali chiwongokere mpaka pakona.

Khadi lakelake adzaliyenerera mu 2016 malinga ndi pasipoti, ali ndi zaka 72, ngati maondowo adzafikeko.