Nagisa ndi Kachidole Kozondoka

Nagisa ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti mvula ikate.

Amayi ake ankapanga roketi. Ankaipanga ndi anzawo m'khola lakale la ng'ombe, pachilumba cha Hokkaido, kwawo ku Japan. Inali roketi yawo yoyamba. M'mimba mwake munali timakina titatu totchedwa timasetilaiti. Tinali tating'ono ngati buledi. Tinkadikira kukazungulira dziko kumwamba.

Koma roketiyo sikanauluka pamvula ndi mphepo.

"Mawa ndi tsiku lomaliza," anatero Abambo. "Ikapanda kuuluka, eni timasetilaiti adzatenga katundu wawo."

Nagisa anatenga kansalu koyera. Anapanga kachidole koitana dzuwa, monga amachitira ana onse kumeneko. Ankafuna mutu wozungulira bwino, choncho anaikamo nachesi. Anakapachika pazenera.

Mvula inagwa. Inagwabe. Inachita kuwirikiza.

Mchimwene wake Tetsuo anayang'ana pazenera, n'kuseka.

"Iwe, kachidole kako kazondoka. Kozondoka kamaitana mvula. Ndiwetu wabweretsa mvulayi."

Zoonadi, mutu unali pansi. Nachesi lija linali lolemera.

Nagisa anachita manyazi. Mtima unamupweteka.

"Ababa, ndawalakwira Amayi," anatero.

"Ayi, mwanangu. Kangolemedwa mutu. Kathandize."

Nagisa anachotsa nachesi. Anaikamo thonje. Kachidole kanaima bwino.

"Chonde, tsegula kumwamba," anakanong'oneza.

Nagisa anagona. Analota mitambo ikuyenda ngati ng'ombe. Inkapita kunyanja, umodziumodzi.

M'mawa kunacha bwino. Kumwamba kunali mbee.

Nagisa, Tetsuo ndi Abambo anakwera paphiri. Roketi inaima patali, yoyera, yowonda. Pansi pake panayaka moto. Inanyamuka pang'onopang'ono. Inakwera. Inakwerabe. Inasanduka kadontho. Kenako kunangoti zii.

Madzulo Amayi anafika. Maso awo anali ofiira ndi tulo.

"Timasetilaiti tonse tafika," anatero. "Panopa tikuzungulira dziko."

Tetsuo anakanda kumutu. "Kaya, kachidoleko kayesetsa ndithu."

Mwambo wake ndi wakuti kachidole kakabweretsa dzuwa, amakajambula nkhope. Nagisa anakhala pafupi ndi Amayi. Anajambula diso. Anajambula diso lina.

"Amayi, pakamwa mujambule ndinu."

Amayi anali atagona kale paphewa pa Nagisa. Ankamwetulira kutulo.

Nagisa anayang'ana pakamwa pa Amayi. Anajambula chimodzimodzi.