Ndani Akuchotsa Maluwa Pakhoma?

Nasoni anali ndi kanyumba kake. Anakamanga yekha kuseri kwa nyumba yawo, kufupi ndi Nsaru.

Mitengo anapempha kwa Abambo. Denga linali la udzu. Chitseko chinali thumba la feteleza. Zenera linali gudumu lakale la njinga. Pakhoma anamata dothi. Kenako anajambulapo mizere yoyera ndi phulusa.

Nasoni ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti kanyumba kake kasagwe.

Khirisimasi inayandikira. Febe, mchemwali wake wamkulu, anakongoletsa nyumba yaikulu. Anakongoletsa kumaso ndi kuseri komwe. Anajambula maluwa ofiira ndi dothi la katondo. Anajambula maluwa akuda ndi dothi la makande. Anajambulanso maluwa oyera.

Anthu odutsa ankaima. "Koma ndiye kukongola!" ankatero.

Tsiku lina Febe anabwera kuchokera kumunda. Anayang'ana khoma lakuseri. Anakuwa.

"Duwa langa loyera lili kuti?"

Lofiira linalipo. Lakuda linalipo. Loyera lokha panalibe.

Febe anacheuka. Anaona mizere yoyera pakanyumba ka Nasoni.

"Iwe Nasoni! Wapala duwa langa eti? Wapaka pakhola lakoli!"

"Si khola! Ndi nyumba!" anatero Nasoni. "Ndipo si ine, achemwali. Ili ndi phulusa."

"Bodza!"

"Si ine!"

Febe anajambula duwa lina loyera. Nalonso linasowa.

Abambo anabwera kuchokera kuchigafa cha fodya. Anayang'ana khoma. Anayang'ana kanyumba. Anayang'ana Nasoni.

"Nasoni, tamvera. Duwa lina likasowa, kanyumba aka ndigwetsa. Mitengoyi ipita kuchigafa."

"Koma si ine, Ababa!"

"Ndanena," anatero Abambo.

Nasoni anakwiya kwambiri. Mtima unamuwawa. "Palibe amene wandiona," anadandaula. "Nanga bwanji onse akuti ndine?"

Tsopano Nasoni anayamba kukayikira aliyense.

Kodi ndi mvula? Ayi. Mvula ikanachotsa maluwa onse.

Kodi ndi nkhuku? Ayi. Nkhuku ndi zazifupi.

Kodi ndi mnzake Jonasi? Nasoni anamugwira dzanja. Anayang'ana zikhadabo zake. Zinali zakuda bii.

"Ukufuna chiyani m'zala zanga?" anafunsa Jonasi.

"Palibe. Koma kasambe," anatero Nasoni.

Kodi ndi Febe yemwe? Mwina akufuna kuti kanyumba kagwe? Nasoni anamuyang'ana cham'mbali. Febe nayenso anamuyang'ana cham'mbali.

M'mawa Febe anajambulanso duwa loyera. Kenako onse anapita kumunda. Nasoni anatsala. Analowa m'kanyumba kake. Anatseka thumba la feteleza. Anasuzumira pagudumu la njinga.

Tambala anadutsa. Sanayang'ane khoma.

Galu anadutsa. Sanayang'ane khoma.

Kenako kunabwera mbuzi ya Amayi. Dzina lake linali Sakhuta. Inayang'ana uku. Inayang'ana uko. Inakweza miyendo yakutsogolo pakhoma. Inatulutsa lilime.

Nyambi! Nyambi! Nyambi!

Nasoni anatulukira pathumba paja. "Ndakugwira, wakuba iwe!"

Anagwira chingwe cha Sakhuta. Anagwiritsa. Koma theka la duwa linali litapita kale.

Posakhalitsa onse anabwera kuchokera kumunda. Febe anaona khoma. "Ababa! Wayambanso!"

Abambo anaika khasu pansi. "Ndinanena chiyani?" Anapita pakanyumba. Anagwira mtengo wa pakhomo.

"Dikirani, Ababa! Ndi Sakhuta!"

Febe anaseka. "Tsopano ukunamizira mbuzi?"

"Ingoonani," anatero Nasoni.

Anakokera Sakhuta pakanyumba kake. Sakhuta inanunkhiza mizere ya phulusa. "Etsii!" Inayetsemula. Inatembenuka.

Nasoni anataya chingwe. Sakhuta inathamangira kunyumba yaikulu. Inadutsa duwa lofiira. Inadutsa duwa lakuda. Inaima paduwa loyera.

Nyambi! Nyambi! Nyambi!

Amayi anayandikira duwa loyera lija.

"Mbuzi sinyambita dothi chonchi," anatero Amayi. Anapala pang'ono ndi chala. Analawa. "Uwu ndi ufa! Febe?"

Febe anayang'ana pansi. "Dothi loyera lili kutali, Amayi, kudambo. Ndinkangosungunula ufa pang'ono."

"Pang'ono? N'chifukwa chake ufa ukutha msanga m'nyumba muno!"

Abambo anasiya mtengo uja. Anagwada pafupi ndi Nasoni. "Ndinakuweruza ndisanaone. Pepa, mwana wanga. Kanyumba kako sikagwa."

"Pepani, achimwene," anatero Febe motsitsa mawu.

Nasoni anapinda manja. "Munati ndi khola."

"Si khola."

"Nanga ndi chiyani?"

"Ndi nyumba."

"Sindinamve, achemwali."

"Ndi nyumba!" anakuwa Febe. Amayi anaseka. Abambo anaseka. Nasoni nayenso anaseka.

Nasoni anathamangira kukhitchini. Anabweretsa phulusa m'mbale. Febe anathiramo madzi. Anajambula duwa loyera panyumba yaikulu. Anajambulanso lina pakanyumba ka Nasoni, pamwamba pa zenera.

Pa Khirisimasi, onse anakamwera tiyi m'kanyumba ka Nasoni. Amayi analowa. Febe analowa. Abambo sanakwanemo. Miyendo yawo inatsala panja.

Sakhuta inabwera mwakachetechete. Inayang'ana uku. Inayang'ana uko. Inanunkhiza duwa loyera.

"Etsii!"

Duwa lija lilipo mpaka lero.