Makalata Amene Laston Sanatumize

Anakumana pa siteji ya basi ku Chileka m'chaka cha 1978, mvula ikuwaza. Prisca, yemwe ankatayipa makalata ku bwalo la ndege, analibe ambulera.

"Bwerani muno, chemwali. Mvula siidziwa kuti mwatchena," anatero mnyamata wina wa tayi, atafunda ambulera.

Anali Laston wa ku Lirangwe, womasulira milandu ku khoti mu tauni. Basi itatulukira, Prisca analakalaka ikanachedwako pang'ono.

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse kunkafika kalata. "Duwa langa la ku Chileka, mvula ikangotha ndidzatuma amalume kwanu. Sindidzakubisira kanthu."

Mvula inatha. Chimanga chinauma m'minda. Amalume sanabwere, makalata nawo analeka.

Prisca ankaima yekha pa siteji paja, kuyang'ana nkhope za otsika basi mmodzimmodzi. Anzake ankamuseka. "Amuna a tayi, Prisca! Wapeza wa m'tauni ameneyo."

Kodi n'zoona? Malonjezo onse aja anali ongomunyengerera?

Loweruka lina anapita ku Lirangwe, mpango umene Laston anam'patsa uli m'chikwama. Ankafuna akam'bwezere pamaso.

Anam'landira ndi Flossie, mlongo wake wa Laston.

"Ndinu a Prisca eti? Achimwene ali kuseriko. Koma musadabwe, alamu. Mwezi wachitatu uno, mawu awo ndi owerengeka. Kudya sakudya, tulo sakupeza. Kuntchito tinakanena kuti ndi malungo."

"Bwanji osandiuza?"

"Anatiletsa. Akuti anthu azidzati mwakwatiwa ndi wamisala."

Laston anali pa benchi pansi pa mtengo wa mango, atawonda, ndevu zili nyankhalala. Pambali pake panali katoni yodzaza makalata, onse olembedwa dzina la Prisca. Prisca anatolapo imodzi n'kuyamba kuwerenga.

"Wapamtima wanga, woweruza amagamula m'Chingerezi, n'kunyamuka kukamwa tiyi. Koma mawu akuti 'ukanyongedwa' amatuluka pakamwa panga, m'chinenero chathu. Wogamulidwayo sayang'ana woweruza, amayang'ana ine. Mayi wina anandigwira tayi panja pa khoti, amvekere, 'Mwana wanga wamupha ndiwe.' Ndikatsinzina ndimamuona. Kuntchito sungadandaule, sudziwa amene akakunenere ku chipani. Ndi pakamwa pomwepa ndikuuze bwanji kuti ndimakukonda?"

Misozi inagwera papepalapo. Miyezi yonseyi iye ankachitira nsanje mkazi amene kunalibe, pamene mnzake ankamira yekhayekha!

"A Laston," anaitana chapansipansi. "Munalonjeza kuti simudzandibisira kanthu."

Laston sanadzutse mutu. "Pita, Prisca. Ine ndinatha."

"Ndapita kale kokwanira. Tsiku lililonse ndimapita ku siteji, inu osabwera."

"Ukwatiwa ndi munthu wosalankhula?"

Prisca anatulutsa mpango uja. M'malo mom'bwezera, anaumanga kumutu.

"Lolemba tipita limodzi kwa adokotala, titenga ndi katoniyi. Mwamasulira za anthu ena zaka zonsezi. Mawu akakakuthawani kumeneko, womasulira wanu ndikakhala ine."

Kumsewu basi inaliza hutala, kondakitala akuitanira a ku tauni. Prisca sanacheuke.

Laston anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anachotsa katoni ija pa benchi, n'kusendera pang'ono kuti am'siyire malo.