Agulugufe Sauluka M'chisanu

Griselda, mlonda wa nkhalango, anakumana ndi Efraín pachipata pamene alendo amakwerera akavalo. Griselda anali atagwada, akuuzira mpweya gulugufe amene anagwa ndi chisanu.

"Nanenso ndazizidwatu, chemwali. Simungandiuzireko?" anatero mnyamatayo, kamera ili pakhosi.

"Inu muli ndi jekete. Uyu wachokera ku Canada ndi mapiko okha."

Kuseka kwake mnyamatayo! Griselda mtima unapita tsiku lomwelo.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula. "Gulugufe wanga, wadzuka bwanji? Ndikapambana mpikisano wa zithunzi, mphete ndi yako."

Atapempha malo abwino ojambulapo, ndani akanakana? Griselda anamuonetsa mtengo woletsedwa, kuseri kwa chingwe, umene bambo ake a Griselda, Don Eusebio, ankaulondera. Nthambi zinali zitawerama ndi agulugufe.

"Lamulo ndi limodzi: osakhudza nthambi."

"Ndikakhudza, dzanja langa liume!"

Patatha sabata, pansi pa mtengowo panapezeka agulugufe akufa miyandamiyanda. Akuluakulu a mudzi anati Don Eusebio wakalamba, ndipo anamuchotsa ntchito imene anaigwira zaka makumi atatu. Griselda zinamupweteka koopsa.

Mu Novembala, agulugufe akubwerera kuchokera ku Canada, uthenga unafika: "Tapambana, wapamtima! Ndikubwera ndi mphete!"

Griselda anaitana abale onse, akuyenda ngati sakuponda pansi. Efraín anavundukula chithunzicho pabwalo: mtambo wa mapiko ukukwera kumwamba kuchokera mumtengo uja. Anthu anaomba m'manja.

Koma Griselda anayang'ana m'munsi mwa chithunzi. Udzu unali woyera ndi chisanu.

"Unajambula nthawi yanji?"

"M'bandakucha, wokondedwa."

"Agulugufe sauluka m'chisanu, Efraín. Amadikira dzuwa. Ukawadzutsa, amagwa n'kufera pansi. Unagwedeza mtengo?"

Abale onse anatembenukira kwa Efraín.

"Pang'ono chabe... Ndinachitira ife awiri! Oweruza sanaone vuto."

"Oweruza sanakulire kuno."

Misozi inalengeza, koma Griselda sanailole kugwa pamaso pa munthu ameneyo. Anamukankhira kabokosi ka mphete m'dzanja lomwe lija analumbirira.

"Mphete tenga. Chithunzi siya."

Anachinyamula yekha, n'kugwira mkono wa bambo ake.

"Valani chipewa, bambo. Tiyeni kwa akuluakulu, akaone okha ngati ndi ukalamba wanu unagwedeza mtengo."