Ovololo Yakuda, Zikhadabo Zoyera

Kunyumba kwa bambo Edmond ndi mayi Pauline ku Lavington, tsiku linkayamba ndi pemphero. Mwana wawo, Lusayo, ankaphunzira pa sukulu ina yophunzitsa m'Chijeremani mu Nairobi momwemo, ndipo mutu wake unkagwira ndithu.

Sukuluyo inali ndi mwambo wake. Ana akakula ankatumizidwa kukagwira ntchito kwa masabata angapo, aphunzitsi n'kumapita okha kukawaona. Wochita bwino ankakwera ndege kukaphunzira teremu yathunthu ku Germany. Lusayo ankaulota ulendowu, moti atam'pezera malo pa galaja ina ku Kasarani anavina.

Tsiku loyamba anabwerako msana ukuwawa. Mawa lake akutsika matatu, minibasi ya kumeneko, anakumana ndi Vitus, mnyamata wa ku Malawi yemwe anasiya koleji.

"Iwe, mwana wa bwana, ukukapukuta matayala? Tiye kuseri kwa sitediyamu, kuli tozizira."

"Nanga aphunzitsi akabwera?"

"Mzungu abwere kuno, fumbi lonseli? Aaa, usandiseketse!"

Ulesi umakoma poyamba, abale. Lusayo anapita, ndipo ku galaja sanapondekonso. Madzulo aliwonse Vitus ankamuthandiza kupaka girisi wa boda boda, njinga zamoto zonyamula anthu, pa ovololo, kuti kunyumba aone ngati wakhetsa thukuta.

Koma mayi Pauline sanabadwe dzulo. Tsiku lina pa chakudya anamuyang'anitsitsa manja.

"Lusayo, ovololo yakuda bii, zikhadabo zoyera mbee. Kodi galimotozo umakonza ndi mimba?"

"Timavala magolovesi, amayi."

"Nanga kutafuna chingamu pafupipafupiku unayamba liti? M'kamwamo ukubisamo chiyani?"

"Inu mumangondikayikira basi."

"Mwana akutopa uyu, musiyeni," anatero bambo Edmond.

Koma mtima wa mayi sunakhazikike. Anayamba kununkhiza malaya ake pochapa. Anamufunsa dzina la mwini galaja, iye n'kuchita chibwibwi. "Mwanawe," anamuchenjeza, "wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu."

M'mawa wina foni inalira. Anali aphunzitsi a Lusayo, mayi wa ku Germany wosadziwa kuzengereza. Anati akupita ku galaja kukaona mwanayo. Mayi Pauline anapempha kuti apite nawo.

Mwini galaja anatuluka kunsi kwa galimoto akupukuta manja. "Lusayo? Anabwera tsiku limodzi lokha. Ndimayesa munamusintha malo."

Munthu wina wa boda boda anawalozera kuseri kwa sitediyamu. Anamupeza Lusayo atakhala pa kreti, botolo la mowa lili m'manja, ovololo ataipinda bwinobwino m'chikwama. Vitus atangoona mzungu analumpha mpanda, osatsanzika n'komwe.

Aphunzitsi sanakalipe. Anangomufunsa m'Chijeremani kuti waphunzira chiyani pa galajapo. Lusayo, amene ankachilankhula ngati madzi, anangoweramitsa mutu pansi. Mayi ake analira pamaso pa anthu, misozi ya manyazi.

Dzina la Lusayo linachotsedwa pa ulendo wa ku Germany. Bambo Edmond, amene ankamuikira kumbuyo, anamugwira dzanja okha mpaka ku galaja kukapepesa, ndipo mwini wake anamulandiranso mokayikira.

Tsiku limene anzake ankanyamuka, Lusayo anali chagada kunsi kwa matatu, akumasula nati yomwe inkakana. Ndege ina inadutsa m'mwamba. Kaya inali yomweyo kaya ayi, iye analira.

Madzulo mayi ake anamugwira manja n'kuwatembenuza. Zikhadabo zinali zakuda, chala chimodzi chotupa.

"Ukanabwera nazo chonchi poyamba paja," anatero, "bwenzi lero ndikukutsanzika ku bwalo la ndege."

Ana inu, mverani. Ulesi umabala bodza, ndipo bodza limakulanda chimene unkachifunitsitsa. Ovololo ungaipake girisi, koma manja ako adzakuulula, ndipo mnzako wokunyengayo adzalumpha mpanda n'kukusiya wekha.